Ija ya Munthu Wogwa pa Mlatho

Pakati pa shopu yanga yosokera ndi shopu yometera pali khoma la matabwa, matabwa ake opyapyala moti a Ometa akayetsemula ine ndimayankha kuti pepani. N'chifukwa chake mkangano wa mafilimu ndimaudziwa wonse, ngakhale palibe anandiitanapo. Loweruka lililonse masana, odzameta akachepa, madoda anayi amakhala pabenchi m'menemo n'kuyamba kuweruza ntchito ya anthu amene sadzakumana nawo mpaka kalekale.

Alipo a Ometa eni ake, amene amati ndi apampando chifukwa mpando wozungulira ndi wawo. Alipo a Makaniko, okhulupirira kuti filimu yopanda galimoto yogubuduzika ndi ulaliki chabe. Alipo a Mlonda, amene amagwira ntchito anzawo akugona, ndipo sanaonerepo filimu ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto, koma pa voti dzanja lawo ndi limene limayamba kukwera. Achinayi ndi bambo anga.

Mayina a mafilimu sawadziwa, ndipo sawasowa. Amangoti ija ya msilikali woopa nkhuku, ija ya akuba amene anathyola banki yolakwika, ija ya mayi amene anathamangitsa sitima pa thirakitala. Asanu opambana onse ankalembedwa ndi sopo pagalasi, kotero munthu wodzameta ankadziona nkhope ili pakati pa msilikali ndi thirakitala. Lamulo linali limodzi: filimu siikwera pagalasi pokhapokha anthu awiri atachitira umboni kuti anaionera. Lamuloli linabwera a Mlonda atatsala pang'ono kukweza filimu ina yokoma kwambiri, imene inadziwika kuti anachita kulota atafika potchula kuti mfumukazi ya m'menemo inali apongozi awo a Makaniko.

Lamulo lomwelo ndi limene linkatsekereza bambo anga.

Filimu yawo ndimaidziwa ngati ndinaionera, chifukwa ndakula nayo. Akita wake ndi munthu wamfupi, wa chipsera patsaya, womenya anthu padoko. Amamenya otsitsa katundu, amamenya apolisi, amamenya ngakhale munthu amene wangomufunsa nthawi. Kenako adani amamutsekereza pa mlatho, kumukhoma ndi chitsulo, iye n'kugwera mumtsinje. Pamenepo chithunzi chimachita mizeremizere, phokoso lili shiii, ndipo bambo amati amenewo ndi madzi, wojambula anamira naye limodzi. Mizere ikatha, munthu uja ali pabedi m'dziko lozizira, akudzuka kukaphika buledi. Samenyanso munthu. Wina amabwera kudzamuwomba mbama pakhomo pa shopu yake, iye n'kungolowa, kutenga buledi wotentha, kumupatsa.

"Mpaka chilankhulo anasintha," bambo amatero akafika pamenepa, mawu atatsika.

Bambo anga anthu amawatchula kuti a Chibakera. Ine sindinawaonepo akumenya ngakhale galu wakuba, koma amene anawadziwa ali mnyamata amati dzinalo silinali lamasewera, ndipo kuli anthu mpaka lero amene amatafunira mbali imodzi chifukwa cha iwo. Filimuyo anaionera m'kanyumba koonetsa vidiyo, tsiku loyamba kuyenda ndi amayi, ndipo potuluka m'menemo ndewu anali ataisiya. Mboni yachiwiri, mwachidziwikire, ndi amayi. Koma amayi akafunsidwa ankangoti, "Za mafilimu zanuzo musandilowetsemo," n'kupitiriza zimene akuchita.

Zinthu zinafika poipa tsiku limene akazi awo a Ometa anabwera kudzakonza m'shopu, n'kupukuta galasi lonse mpaka kuwala. Ntchito ya zaka inapita ndi kansanza konyowa. A Ometa anati basi, sopo watha ulemu, aitana wolemba zikwangwani adzalembe asanuwo pakhoma ndi penti, zikhale za muyaya. Ndiye Loweruka limenelo mkangano unali wa moto.

"Woyamba ndi wa thirakitala, sitikambirananso," anatero a Makaniko.

"Thirakitala ingapitirire sitima?" anafunsa a Ometa. "Inu amakaniko mukuvomereza zimenezo?"

"Itakonzedwa ndi ine, inde."

"Galimoto yanga munaikonza inu, imapitiriridwa ndi anthu oyenda pansi."

"Ija ndi ngolo, achimwene, si galimoto. Ndinakuuzani kuti muigulire ng'ombe."

A Mlonda anati iwo akuvotera ya msilikali, chifukwa mapeto ake anawaliritsa. Atafunsidwa kuti inatha bwanji, anati sangaulule, akuopa kuonongera ena. Onse anali ataionera kawirikawiri.

Bambo anadikira phokoso litsike. "Penti safufutika," anatero. "Ndiye ulendo uno ya pa mlatho ilowe."

"Mboni," anatero a Ometa.

"Mukundidziwa zaka zonsezi. Ndinakunamizanipo?"

"Lamulo ndi lamulo, akulu."

Zikanathera pomwepo monga mwa masiku onse, koma a Makaniko anali atapsa mtima ndi nkhani ya ngolo ija. "Tiyeni tinene chilungamo," anatero. "Filimu imeneyi kulibe. Munthu angagwe m'madzi n'kuvuuka akudziwa kuphika buledi? Munalota ngati a Mlonda, kapena munangoipeka kuti muwakope amayi aja. Nanga n'chifukwa chiyani eni akewo amakana kuichitira umboni?"

Ndinaimitsa makina n'kusuzumira pa mpata wa matabwa. Bambo anali chikhalire, koma dzanja lawo lamanja linali litafumbatika pa bondo, mitsempha ili poyera. Ndinali ndisanalionepo dzanja limenelo litatero, ndipo ndinachita mantha.

"Loweruka likubwerali ndibwera nayo," anatero pang'onopang'ono. "Ndikalephera, benchi ili simudzandionaponso."

Ena angati ndi nkhani yaing'ono. Koma chipumireni ntchito yoyendetsa mabasi, bambo anga alibe kwina kopita. Malaya a Loweruka amawasita Lachinayi. Kuwachotsa pabenchi lija kunali kuwatsekera m'chipinda ndi wailesi, ndipo ndinkadziwa kuti mawu awo sabweza.

Mawa lake ndinapita kwa munthu woika mafilimu m'mafoni, bambo wa dazi amene tonse timawatchula a Zonse Zilipo, potengera chikwangwani cha pakhomo pawo. Kachipinda kawo n'kodzaza matepi akale, mawaya ndi fumbi, ndipo iwo amakhala pakati ngati nkhuku yofungatira. Ndinawafotokozera zonse, padoko, chipsera, mlatho. Ankangogwedeza mutu. Nditafika pa mizere ndi buledi anasiya kugwedeza.

"Mizere yake inali yotani, chemwali?"

"Amati ndi madzi."

Munthu uja anaseka mpaka kutsokomola. Anaseka mpaka ndinaganiza zowawaza madzi enieni.

"Tepi imeneyo anaijambulira ina pamwamba! Eni mavidiyo ankatero matepi akawathera. Bambo anu anaonera mafilimu awiri, mutu wa ina ndi mchira wa ina."

Sanavutike kuwapeza onse awiri pa kompyuta yawo. Anandionetsa ya padoko. Wamfupi uja anagweradi mumtsinje, ndipo ndinamva mtima kugunda ngati ndaona m'bale. Koma posakhalitsa anavuuka, mpeni uli kukamwa, n'kukwera mlatho uja, kumenya onse anamugwetsa, kumenya abale awo, kumenyanso dokotala amene anabwera kudzathandiza ovulala. Kenako anandionetsa ya buledi. Wophikayo anali wamtali ngati mlongoti, wa tsitsi lofiirira, ndipo poyambirira penipeni anamuonetsa ali kamwana akukanda ufa ndi agogo ake. Munthuyo chibadwire sanamenyepo ndi ntchentche yomwe.

Ndinakhala pa kampando kawo kothyoka. Kenako ndinafunsa ngati angathe kuwalumikiza.

"Kuwalumikiza?"

"Pa mlatho pomwepo. Muikemo ndi mizere."

"Anthu amabwera kuno kuti ndiwachotsere mizere," anatero. "Inu ndinu oyamba kufuna kuti ndiikemo." Koma anaikamo, ndipo ndiyenera kuwayamikira, mizere yake inali yokongola, ndi shiii wake yemwe.

Madzulo ake ndinawapeza amayi akusita zovala patebulo, bambo atapita kukagula mabatire a wailesi. Ndinatseka chitseko n'kuwauza zonse, ndikuyembekeza kuti simbi igwa m'manja. Iwo anangotembenuza kolala ya malaya n'kupitiriza.

"Ndikudziwa," anatero.

"Mukudziwa chiyani?"

"Kuti ndi awiri. Ya buledi ija ndinali nditaionera kale yonse, ndi mnyamata wina wa kubanki amene ankandifuna."

"Amayi!"

"Usakuwe, iwe. Sindinabadwe ndili amayi ako." Anaimika simbi. "Mizere itatha, ndinamuzindikira wophika uja nthawi yomweyo. Ndinatembenuka kuti ndiwauze bambo ako kuti atibera, tikadandaule. Ndinapeza munthu akulira. Chibakera amene anthu ankawoloka msewu akamuona, misozi ili chuchuchu, manja atatambasula pa maondo. Anandiuza kuti, 'Mwaona? Ndiye kuti n'zotheka.' Iwe ukanati chiyani?"

Anatenganso simbi ija.

"Kunama sindinafune, n'chifukwa chake umboni ndimaukana. Koma kuulula ndiye ayi. Ndakhala pakatikati pomwepo mpaka iwe wakula, wayamba kundifunsa mafunso m'nyumba mwanga."

Ndinawaonetsa fulashi imene a Zonse Zilipo anandiikiramo filimu yolumikiza ija. Anaiyang'ana ngati mankhwala a munthu wina. "Madoda aja ndi opusa," anatero, "koma si akhungu."

Loweruka linafika. Bambo nditawauza kuti ndaipeza anandigwira mapewa onse awiri, kenako anakasintha malaya n'kuvala ena abwino kuposa oyamba. Amayi anati sapita kumalo onunkha tsitsi, koma anati ali ndi siketi yofuna kupinda, ndiye anabwera kudzakhala m'shopu mwanga, mpando atauyandikizitsa kukhoma. Ine ndinalowa kometera kuja kukaika fulashi pa wailesi yakanema. Wolemba zikwangwani anali atafika kale, atakhala pakona ndi zitini zake, akudikira kuti auzidwe zolemba.

Wamfupi uja atangoonekera padoko, bambo anaimirira. "Ndi ameneyo! Chipsera icho!"

Wamfupi uja anamenya woyamba, a Makaniko anati kamenyedwe kake n'kabwino ndithu. Anamenya wachiwiri, a Mlonda anati eya, n'kutsamira khoma, maso n'kuyamba kulemera. Atamenya wofunsa nthawi uja, a Ometa anadumpha pampando.

"Iyi ndinaionera ine!"

Nkhope ya bambo inawala ngati ya mwana. "Mwamva? Mwamva, a Makaniko? Mboni iyo! Zaka zonsezi mboni ili pompano ikumeta anthu!"

"Ndinaionera ndithu," anatero a Ometa. "Dikirani pa mlatho. Agwa m'madzi, kenako avuuka ndi mpeni kukamwa. Pamenepo ndiye pokoma."

"Mpeni wanji?"

"Mungoona."

Ine ndinayamba kuyang'ana kumene kuli khomo. Chitsulo chinalira, munthu anagwa, madzi anathovoka. Mizere ya a Zonse Zilipo inabwera, shiii. Kenako bedi, zenera, kunja kuli mbuu, ndipo munthu wa tsitsi lofiirira anadzuka n'kuimirira, n'kumangoimirirabe, mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda denga.

"Uyu ndiye ndani?" anafunsa a Makaniko.

"Ndi yemwe uja," anatero bambo.

"Watalika bwanji?"

"Wawongoka. Kale ankayenda chowerama chifukwa cha ndewu."

"Chipsera chapita kuti?"

"Madzi ozizira amapoletsa."

"Nanga tsitsi?" anatero a Ometa. "Akulu, za tsitsi ndiye musanditsutse, ndi ntchito yanga. Mutu uwu si uja. Ndipo ndikukuuzani, wamfupi uja anavuuka. Anamenya anthu mpaka filimu kutha, womaliza anali dokotala. Awa ndi mafilimu awiri."

Bambo anayang'ana kanema, anayang'ana a Ometa, kenako anayang'ana ine. Ndikuganiza kuti kwa nthawi yoyamba anamuonadi wophika uja monga alili, osati monga ankamukumbukira.

"Mwanawe," anatero, "ukudziwapo chiyani?"

Ndinawauza. Za tepi yojambulidwa pamwamba, za mpeni, za mizere yochita kuikamo. Ndinalankhula ndikuyang'ana tsitsi la anthu limene linali pansi.

A Makaniko anayamba kuseka. Sindikuwada, chifukwa zinali zoseketsadi. "Ndiye a Chibakera anasiya ndewu chifukwa cha tepi yoonongeka! Mwini vidiyo akanagula tepi yatsopano, bwenzi tonse tilibe mano!"

Bambo anatembenuka. Dzanja lija linali litafumbatikanso, ndipo ulendo uno anali ataimirira. Kuseka kwa a Makaniko kunazima ngati injini yothera mafuta, ndipo anapezeka ali kuseri kwa mpando wozungulira osadziwa kuti afikako bwanji. Wolemba zikwangwani anakumbatira zitini zake.

Khoma linalankhula.

"Ndinaionera ine."

Onse anatembenukira ku matabwa. Tinamva mpando ukukhwekhwerezeka, chitseko changa chikutseguka, ndipo amayi analowa m'shopu yometera koyamba m'moyo wawo, siketi yosapinda ili m'manja.

"Mumafuna mboni," anatero kwa a Ometa. "Ndabwera. Inayambira padoko, inathera pa buledi, pakati panali mizere. Ndinaionera ndi maso angawa, ndipo tinalipo awiri. Lamulo lanu limati chiyani?"



"Mayi ake," anatero bambo, mawu ali ngati a munthu wodwala. "Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye kuti munthu uja sanasinthe."

"Wamfupi uja? Ameneyo ayi, ndamva kuti anamenya ndi dokotala yemwe. Koma ine sindinakwatiwe ndi ameneyo. Ine ndinkaonera amene anakhala pambali panga, ndipo ndakhala ndikumuonera mpaka lero. Mpeni sindinauone." Anayang'ana dzanja lija. "Kapena ndiuona lero, pamaso pa mwana?"

Bambo nawo analiyang'ana, ngati ndi la munthu wina amene waliiwala pamenepo. Linatambasuka pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anakhala pansi pabenchi. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Filimu inali ikupitirirabe, chifukwa palibe anakumbuka kuiimitsa. Mbama inalira pa kanema, phaa, ndipo a Mlonda anadzidzimuka. Anaona wamtali uja atagwira tsaya, akulowa m'shopu, akutuluka ndi buledi wofuka nthunzi.

"Ee!" anatero a Mlonda. "Womenya anthu uja ndi ameneyu? Wamupatsa buledi?" Anavula chipewa. "Amuna inu, munthu amasintha. Iyi ndiye nambala wani." Ndipo dzanja linakwera.

Palibe anawafotokozera. A Makaniko anatuluka kuseri kwa mpando akukonza kolala, n'kunena kuti iwo sanabisale, amayang'ana chitsulo cha mpandowo chifukwa chikumveka ngati chikufuna girisi. Kenako anati filimuyo ilibe galimoto yogubuduzika, koma poti munthu anagubuduzika yekha kuchoka pa mlatho, angaivomere. Anakweza dzanja osayang'ana bambo. A Ometa anati monga apampando akuona vuto limodzi: ngati ndi mafilimu awiri, ayenera kutenga malo awiri, ndiye wina atsike. Mkangano unayambiranso pomwepo, ndipo pomaliza amene anachotsedwa ndi msilikali woopa nkhuku, a Mlonda ali m'tulo kachiwiri.

Wolemba zikwangwani anafunsa kuti alembe chiyani pamwamba. Bambo anati alembe kuti ija ya munthu wogwa pa mlatho. Pa nambala yachiwiri a Ometa anati angojambulapo mizere.

Popita kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwa bambo ndi amayi. Tinayenda mpaka kupitirira pokwerera basi. Kenako bambo anakhosomola.

"Mwati munkadziwa. Ndiye kuti ya buledi ija munali mutaionera kale."

"Ee."

"Ndi ndani?"

"Wa kubanki uja."

Bambo anayenda pang'ono. Ndinayang'ana dzanja lawo, linali lotambasuka.

"Anaikonda?"

"Anagona pakati."

"Chitsiru," anatero bambo, n'kuwalandira amayi siketi ija kuti awanyamulire.